Wanena Ndani, Mwa Anthu Angati? Zolemba za Wophunzira Kafukufuku

Meyi, sabata yoyamba

Ndayamba ntchito pa bungwe lina lomwe si la boma kuno ku Lilongwe, lomwe limalimbikitsa kuti amayi ndi abambo, atsikana ndi anyamata, azipatsidwa mwayi wofanana. Pakalata yondilemba ntchito alemba kuti ndine wothandizira pa kafukufuku ndi ndondomeko. Mayi anga atandifunsa pafoni kuti kwenikweni ndizichita chiyani kumeneko, ndinawapempha kuti andiimbirenso mwezi ukatha.

Ndisanabwere kuno ndinali mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera, ndipo masamu ndinatsanzikana nawo mwamtendere tsiku lomwe ndinalemba mayeso a Fomu 4. Ndanena izi poyambirira kuti inu amene mumasirira ntchito zoterezi musamaganize kuti zimafuna mutu wapadera.

Ine ndimayembekezera tisheti, chitenje cha bungwe ndi chimkuzamawu. Zomwe andipatsa ndi mpando, kompyuta yochedwa kudzuka ndi mulu wa malipoti wofika m'chibwano. Amayi amene akundiyang'anira, omwe ofesi yonse imangowatchula kuti Madamu, andifotokozera ntchito ya chaka chino mwachidule: tikufuna kudziwa chomwe chimathandiza kapena kulepheretsa mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kubwereranso m'kalasi, kenako tikauze anthu amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu. Kudziwako ndiye kafukufuku. Kukauzako ndiye ntchito ya ndondomeko.

Ndinafunsa kuti kumudzi tinyamuka liti.

"Werengani kaye, aphunzitsi," anatero Madamu. "Mungakatopetse agogo ndi funso lomwe anayankha kale chaka chatha kwa anthu ena a galimoto yoyera ngati yathuyi."

Meyi, chapakati

Chinthu choyamba chomwe ndagwira ndi kusiyana kwa lamulo ndi ndondomeko, zomwe ine ndinkaziyesa chimodzi. Lamulo limadutsa ku Nyumba ya Malamulo, Pulezidenti n'kusayina, ndipo woliphwanya akhoza kukaonekera kubwalo la milandu. Ndondomeko ndi chikalata chomwe boma kapena unduna umalemba kuti "pa nkhani yakutiyakuti tiziyenda motere". Zoti mtsikana akabereka abwerere kusukulu ndi ndondomeko ya unduna wa zamaphunziro, yomwe inayamba mu 1993 ndipo inakonzedwanso mu 2018. Kale mtsikana akapezeka ndi mimba, sukulu inali yathera pomwepo.

Malamulo okhudza ntchito yathu alipo ndithu, oposa momwe ndinkaganizira. Loletsa nkhanza za m'banja ndi la 2006. La chuma chamasiye, lomwe limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu, ndi la 2011. La kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi ndi la 2013, ndipo mwa zina limati polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 komanso asapitirire 60 pa 100 alionse. Ndinawalemba onse papepala n'kumata pakhoma monga ndinkachitira ndi ndandanda ya maphunziro.

Ndiye Lolemba pamsonkhano wam'mawa ndinafuna kuonetsa kuti nane ndawerenga. Ndinati, mokweza ndithu, lamulo la maukwati la 2015 linathetseratu nkhani yokwatira usanafike zaka 18. Loya wathu, mnyamata wofatsa amene salankhula asanamalize tiyi wake, anaika kapu pansi. Anati lamulolo linaikadi zaka 18, koma gawo 22 la malamulo aakulu oyendetsera dziko linali likulolabe ana a zaka 15 mpaka 18 kulowa m'banja makolo akavomereza. Malamulo awiri akasemphana, aakuluwo ndiwo amapambana. Dzenje limenelo linakwiriridwa mu Febuluwale 2017, aphungu atasintha gawolo. Ndinathokoza, n'kuyamba kuyang'ana pansi ngati ndagwetsa singano. Pobwerera pampando wanga ndinawonjezera 2017 pakapepala ka pakhoma, ndi cholembera chofiira.

Juni, sabata yoyamba

Lero ndakumana ndi masamu aja. Anali kundidikirira.

Madamu anandiuza kuti ndilembe ndime imodzi yofotokoza kukula kwa vuto la maukwati a ana. Ndinalemba molimba mtima kuti atsikana 42 pa 100 alionse m'Malawi muno ali pabanja. Pepalalo linabwerera pasanathe mphindi zisanu lili ndi mafunso atatu m'mphepete: Wanena ndani? Liti? Mwa anthu ati?

Ndinabwerera komwe ndinatenga nambalayo. Inachokera mu kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016, yemwe inachita ofesi ya boma yoona za ziwerengero, ya ku Zomba ija. Sananene kuti atsikana 42 pa 100 ali pabanja. Anafunsa amayi a zaka 20 mpaka 24 kuti analowa m'banja ali ndi zaka zingati, ndipo 42 pa 100 mwa iwowo anali atalowa asanakwanitse zaka 18. Poyamba ndinaona ngati ndi kukokomeza, si zomwezo kodi? Ayi. Chiganizo changa chinali kukwatitsa ngakhale ana a Sitandade 1. Ndipo pali chifukwa chomwe amafunsira a zaka 20 mpaka 24: mtsikana wa zaka 15 amene sanakwatiwe lero akhoza kukwatiwa chaka chamawa, choncho nkhani yake sinathe. Amene wadutsa zaka 18 yankho lake silisinthanso.

Kenako ndinapeza lipoti lina likunena 38, mutu n'kuima. Wina akunama? Palibe. Imeneyo ndi ya kafukufuku wina, wa 2019 mpaka 2020. Nambala iliyonse ili ndi mwini wake, chaka chake ndi gulu la anthu omwe anawerengedwa, ndipo ukaitchula uzitchulanso zitatu zonsezo. Ndimeyo ndinailembanso. Inabwerera yopanda inki yofiira, ndipo masana ndinadzigulira chipisi chamazira.

Juni, kumapeto

Tikukonza mafunso. Ine monga mphunzitsi ndinati apa ndiye kwathu, mafunso ndakhala ndikulemba teremu iliyonse. Funso langa loyamba linali lakuti: "Kodi simukuona kuti makolo ndi aphunzitsi amakusalani mukafuna kubwerera kusukulu?"

Mnzanga amene ndimakhala naye tebulo limodzi analiwerenga mokweza, kenako anati, "Asisi, apa mwafunsa n'kudziyankha nokha." Funso lotere limamukankhira munthu ku yankho lomwe wofunsayo akufuna, ndipo anthu akwathu, ndi ulemu wawo uja, mlendo samutsutsa. Komanso munali mafunso awiri m'thumba limodzi. Mtsikana amene makolo ake amamuthandiza koma aphunzitsi amamunyoza ayankha kuti chiyani? Tinalikonza kukhala: "Mutabereka, ndani analankhula nanu za sukulu? Anati chiyani?"

Ndaphunziranso kuti kafukufuku ali pawiri. Pali wowerenga, wofuna kudziwa kuti ndi angati. Ameneyu mafunso ake amakhala ndi mayankho osankha, ndipo amalowetsedwa mu tabuleti kudzera pa pulogalamu yotchedwa KoboToolbox, yomwe imagwira ntchito ngakhale kopanda netiweki. Pali womvetsera, wofuna kudziwa kuti chifukwa chiyani ndipo zinayenda bwanji. Ameneyu ndi macheza, ndipo mawu amajambulidwa munthuyo akalola. Ife tichita onse awiri.

Tisanapite kutali tinakayesa mafunsowo pasukulu ina yapafupi. Ndimaganiza kuti atenga theka la ola. Mayi woyamba amene ndinayesa naye anandipempha pakatikati kuti akayambe waphula nyemba, ndipo atabwerako tinali tisanafike theka. Tadula mafunso ambiri, ndipo ena mwa odulidwawo anali anga omwe ndinkawanyadira.

Julayi, tisananyamuke

Munthu sungodzuka n'kukayamba kufunsa ana za mimba. Pali komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu ofunsidwa, yomwe ili pansi pa bungwe la boma loona za sayansi ndi luso la NCST, ndipo Madamu anatumizako mapepala ine ndisanayambe n'komwe ntchito. Chilolezo chikatuluka, mumakaonekera kwa akuluakulu a khonsolo ya boma lomwe mukupitalo, kenako kwa mfumu yaikulu, kenako kwa agulupu ndi anyakwawa. Mukadumpha khomo limodzi, mukapeza makomo ena onse otseka.

Tsiku lathunthu tinaphunzitsidwa za chilolezo cha wofunsidwa. Umamuuza kuti ndiwe ndani, mayankho ake apita kuti, kuti dzina lake silidzatuluka, kuti akhoza kukana kapena kulekezera panjira popanda chomuchitikira, ndiponso kuti palibe chomwe alandire. Mawu otsirizawa ndi olemera pakamwa, koma osawameza. Ngati sanakwane zaka 18, womulera asayine kapena adinde chala, komabe mwanayo payekha avomere. Tapatsidwanso kapepala koyenda nako m'thumba: nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'bomalo, ndi nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Wina akakuuza zoti akuzunzidwa, sungotseka tabuleti n'kunena kuti zikomo.

Julayi, kumudzi

Kukuzizira koopsa, ndipo juzi ndinaiwala pa mpando wa kuofesi. Adalaivala andibwereka jekete lomwe manja ake akulendewera mpaka m'mawondo.

Zokambirana za pagulu zoyamba ndinatsogolera ndine. Amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu, lomwe kumudzi konse amangoliti mother group, anakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Tili pafupi kuyamba, afumu anatulukira, ndipo ine ndi ulemu wanga ndinathamanga kukawatengera mpando n'kuwaika kutsogolo. Funso loyamba, zii. Lachiwiri, mayi mmodzi anati, "Afumu ayankhe." Afumu anayankhadi, bwino lomwe, kwa nthawi yaitali: m'mudzi mwawo mulibe vuto, malamulo a m'mudzi alipo, kholo lokwatitsa mwana limalipa mbuzi. Amayi onse anawomba m'manja. Kope langa linadzaza ndi mawu a munthu mmodzi.

Anandipulumutsa ndi adalaivala. Anapita kukagwada pambali pa mpandowo n'kunena kuti, "Afumu, abwana akupempha kuti mukationetse mjigo uja munkanena, komanso ali ndi mafunso ofunika inuyo panokha." Afumu ananyamuka mokondwa. Asanafike n'komwe pamsewu, amayi aja anayamba kulankhula onse nthawi imodzi, mpaka ndinachita kuwapempha kuti azisinthana. Afumuwo sanalakwe kanthu, ndipo macheza omwe Madamu anachita nawo paokha anatipatsa zambiri. Mafumu ndi ofunika pa nkhani imeneyi. Ndani sanamve za Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, yomwe inatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati a ana? Kungoti pamaso pa mfumu, mayi wa m'mudzi salankhula za mwana wa mchimwene wa mfumuyo.

Tsiku lotsatira

Ndacheza ndi mtsikana wa zaka 17. Agogo ake anadinda chala pafomu, n'kutiyalira mkeka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, iwo n'kupita kukakhala patali. Mwana anali kumbuyo, akukoka mpango wa mayi ake. Ndinayamba kuwerenga mayankho osankha a mu tabuleti: kusowa ndalama, kukanizidwa ndi makolo, kukanizidwa ndi mwamuna, kukanizidwa ndi sukulu. Anapukusa mutu pa onse.

"Aphunzitsi aakulu anandilandira bwinobwino, anti," anatero. "Ndinapita sabata ziwiri."

Ndinaika tabuleti pamwendo n'kumufunsa kuti chinachitika n'chiyani. Anakhala chete nthawi yaitali, akukumba pansi ndi kamtengo. Tinaphunzitsidwa kuti chete wotere usamuthamangire kumudzaza ndi mawu ako, ndipo ndinachita kudziluma lilime. Kenako anati ikamakwana 10 koloko mkaka unkatuluka wokha n'kunyowetsa yunifolomu kutsogolo konse. Anyamata a kumbuyo ankayamba kulira ngati khanda. Ankaphimba ndi kope mpaka nthawi yoweruka. Kunyumba nako mwana ankakhala akulira, chifukwa agogo akapita ku ganyu ankamusiya ndi kamng'ono ka mtsikanayo ka zaka 8. Tsiku lina anangoona kuti bola akhale.

Pa mafunso onse omwe tinakhalira sabata zingapo muofesi, yankho lake linalowa m'kabokosi kotsiriza kolembedwa kuti "zina". Madzulo nditawauza Madamu, anati ndicho chifukwa chake timachita kafukufuku wa mitundu iwiri uja, ndipo m'mawa mwake aliyense anauzidwa kuti azifunsanso kuti mwana amatsala ndi ndani.

Chinanso cha lero: tabuleti inathima ndili pakati pa macheza achitatu, chifukwa usiku ndinatchaja foni yanga m'malo mwake. Ndinamaliza ndi pensulo kuseri kwa fomu.

Ogasiti, sabata yoyamba

Tabwerera. Tsopano ndi nthawi yoyeretsa mayankho, ntchito yomwe palibe anandiuza kuti ndiyo imadya nthawi kuposa zonse. Ili ngati kusankha mpunga palichero: maso pansi, kamwala kamodzikamodzi, ndipo kamene wakaphonya kakapezeka ndi dzino la mlendo. Mayankho onse amatsitsidwa mu Excel, mzere uliwonse munthu mmodzi, ndipo umayenda nawo kufunafuna zosamveka. Sukulu imodzi ndinaipeza italembedwa m'njira zinayi, kompyuta n'kumaiwerenga ngati sukulu zinayi. Wina analembedwa kuti ali ndi zaka 16 ndipo ana ake ndi 16.

Mnzanga uja wandiphunzitsa kupeza avereji, kutanthauza kuphatikiza zaka za onse n'kugawa ndi chiwerengero chawo. Ndinalemba kachilinganizo kake ndekha, nambala n'kutuluka, ndipo ndinaimirira kukauza Madamu kuti atsikana athu avereji yawo ndi zaka 29. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Aphunzitsi, amene munacheza nawo aja, analipo wa zaka 29?"

Panalibe ngakhale mmodzi. Tinagwirizana kale kuti munthu akapanda kuyankha funso tizilemba 99, ndipo kompyuta, posadziwa pangano lathu, inawatenga onsewo ngati agogo a zaka 99 omwe akufuna kubwerera ku Sitandade 7. Kompyuta sikayika chilichonse. Kukayikako ndi ntchito ya iwe amene unakhala pamkeka.

Lamulo la muofesi muno lomwe ndalikonda: mayankho oyambirira sakhudzidwa. Umakopera, n'kumagwira ntchito pa chokoperacho. Mayina a anthu amachotsedwa, m'malo mwake mumaikidwa manambala, ndipo mafomu a zidindo za zala amatsekeredwa mukabati.

Ogasiti, kumapeto

Sabata ino ndayendako chokweza mutu. Macheza ojambulidwa aja amafunika kuwalemba liwu ndi liwu, ndipo ola limodzi la macheza limatha kukudyera tsiku. Anzanga amadana nayo ntchito imeneyi. Ine ndi imene ndimaimva kukoma, chifukwa khutu la mphunzitsi wa Chichewa limamva pomwe munthu wazungulira nkhani. Ukamaliza kulemba umawerenga ndi zolembera zamitundumitundu: zonena za wolera mwana chobiriwira, za kunyozedwa chofiira, za ndalama chabuluu. Kenako umaona mtundu womwe ukubwerabwera.

Ndili pakati pochita zimenezi ndinazindikira kanthu. Kaundula wa sukulu zina ankasonyeza kuti palibe mtsikana anabwerera, koma amayi a mother group a sukulu zomwezo ankatchula atsikana omwe akuphunzira. Anzanga ankati mwina amayiwo amafuna kutisangalatsa. Koma ine ndagwirapo kaundula. Mtsikana wochita manyazi sabwerera pomwe anthu anamuona ndi mimba. Amapita kukakhala kwa azakhali n'kuyamba pasukulu ina. Kwakaleko amalembedwa kuti anasiya, kwatsopanoko amalembedwa kuti wasamukira, ndipo palibe buku lomwe limanena kuti wabwerera. Tinaimbira aphunzitsi aakulu angapo, ndipo anavomereza kuti zimachitikadi. Madamu anangoti, "Ichi chilowe mu lipoti." Ndinapita kubafa kukamwetulira ndekha.

Chimwemwecho chinandipitirira. Mawa lake ndinalemba kuti 75 pa 100 ya atsikana osamukira sukulu ina amapitiriza maphunziro. Funso la m'mphepete linali limodzi lokha: mwa angati? Anali atatu mwa anayi. Anthu akachepa chotere umangolemba kuti atatu mwa anayi, owerenga adzionere okha kuchepako. Ndiponso ife tinayenda m'sukulu zochepa za m'boma limodzi, zomwe tinachita kusankha, choncho sitinganene kuti Malawi yense ali chonchi. Tinganene kuti izi tinazipeza kumeneko, ndipo n'zoyenera kuzifufuza kwina.

Sepitembala

Lipoti lalikulu latha, ndipo ndauzidwa kuti nditulutsemo chomwe muofesi amachitcha policy brief: kachikalata kachidule kopita kwa munthu wotanganidwa amene ali ndi mphamvu yolamula. Ndinalemba masamba 14, kuyambira msonkhano wa amayi wa ku Beijing wa 1995, kudutsa pangano la ku Maputo la 2003, ndipo atsikana athu anatulukira pa tsamba 9. Madamu anati masamba awiri. Ndinachepetsa zilembo mpaka zinafanana ndi nyerere. Anati masamba awiri owerengeka ndi munthu wa zaka zawo.

Kalembedwe kake ndi kotembenuza zomwe ndinkaphunzitsa ana pa chimangirizo. Kulibe mawu oyamba okometsera. Chomwe ukufuna chichitike chimakhala pamwamba penipeni, umboni pambuyo, chifukwa wowerengayo mwina awerenga ndime imodzi yokha ali m'galimoto.

Pa zoyenera kuchita ndinalemba kuti boma lichitepo kanthu, ndipo makolo azindikire kufunika kwa maphunziro. Loya uja anafunsa kuti boma lake liti, popeza iye sanaonepo munthu dzina lake Boma. Ndi nduna? Ndi mkulu wa zamaphunziro wa m'boma lija? Ndi mlangizi wa sukulu za m'dera? Achite chiyani, pofika liti, ndi ndalama zochokera kuti? Tinakhala masana onse pa mfundo zitatu zokha. Imodzi ndi yochokera ku kaundula uja: polandira wophunzira wosamukira, pakhale malo olembapo mwachinsinsi ngati akubwerera atabereka, kuti owerengera asamamutaye. Ina ndi yoti sukulu zigwirizane ndi mother group za nthawi ndi malo oyamwitsira. Zimaoneka zazing'ono poyerekeza ndi mawu aakulu a pa zikwangwani, koma izi munthu akhoza kuziyamba Lolemba.

Pano ndiikepo maganizo anga. Mabungwe athuwa timakonda kupempha lamulo latsopano chifukwa limamveka bwino pa wailesi. Koma pakhoma langa malamulo adzaza kale. Mtsikana wa kuseri kwa nkhokwe uja lamulo ndi ndondomeko zonse zinali kumbali yake, ndipo ali pakhomo.

Okutobala

Tinabwerera kumudzi kuja kukawauza zomwe tinapeza, kuti atikonze ngati tinamva molakwa. Kunja kukutentha moti phula akuchita kunyezimira. Ulendo uno afumu tinawapatsa nthawi yawo yotsegulira, kenako magulu anagawikana.

Anatikonzadi. Tinalemba kuti amayi a mother group angathe kumasunga ana nthawi ya sukulu. Mayi wina wachikulire anaimika dzanja. "Mwanawe, ife ntchito imeneyi ndi yongodzipereka. Mvula ikagwa tonse tili kumunda. Ukuti makasu tiwasiyire ndani?" Tinali titasenzetsa katundu amayi omwe asenza kale wambiri, ife a bungwe loona za amayi. Mfundoyo tinailembanso.

Wina anafunsa za alawansi. Ndinayankha monga tinaphunzitsidwira, thukuta lili kamukamu, ndipo anaseka n'kunena kuti amangoyesa mwayi.

Novembala

Tinapatsidwa mphindi 10 pamsonkhano wina wa akuluakulu a zamaphunziro ndi mabungwe, ndipo Madamu anati ndilankhule ndine. Usiku wake ndinayeserera pamaso pa mng'ono wanga mpaka anagona. Pamsonkhanopo mawondo ankagundana, koma nambala iliyonse ndinaitchula ndi mwini wake ndi chaka chake, ndipo bambo wina atafunsa kuti 38 ija ndaitenga kuti, ndinayankha osayang'ana papepala.

Kenako mayi wina wa kutsogolo anafunsa kuti zomwe tikupemphazi zifuna ndalama zingati. Ndinangoti kukamwa yasa. Madamu anaimirira n'kunena kuti mfundo ya kaundula sifuna ndalama zambiri kupatula kusintha fomu ndi kudziwitsa aphunzitsi aakulu, ndipo zinazo tiwerengera n'kuwatumizira. Mayiwo analemba kenakake m'buku mwawo. Kaya analemba mfundo yathu, kaya za kunyumba kwawo, ine sindinaone.

Pobwerera m'galimoto ndinafunsa kuti tidziwa liti ngati zatheka. Madamu anaseka. Anandikumbutsa kuti kampeni ya 50:50 yofuna amayi ambiri m'maudindo osankhidwa yakhala ikuchitika zisankho zingapo, ndipo mu 2019, chaka chomwe Catherine Gotani Hara anakhala mayi woyamba kukhala Sipikala, aphungu aakazi sanakwane ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a mipando 193. Ntchito imeneyi, anatero, umabwereza mfundo imodzi m'zipinda zambiri mpaka tsiku lina umve wina akuinena ngati yake, ndipo ukatero usamutsutse.

Disembala

Masiku 16 olimbana ndi nkhanza, omwe amayamba pa 25 Novembala n'kutha pa 10 Disembala, atha. Tisheti ija ndalandira tsopano, yaikulu kwambiri.

Funso la mayi uja la ndalama landitsegulira phunziro lina. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndiye amene akufuna kuti mfundo yake ipatsidwe ndalama ayenera kulankhula bajeti isanalembedwe, osati kudandaula itawerengedwa kale m'Nyumba ya Malamulo. Madamu andipatsa mabuku a bajeti ya chaka chatha kuti ndipezemo ndalama zomwe zinapita ku maphunziro a atsikana. Ndatsegula loyamba, ndaona manambala okhaokha mizere yothithikana, ndipo pamwamba alemba kuti onsewo ndi mamiliyoni, chinthu chomwe ndachiona nditatha kale ola ndikudabwa kuti unduna wathunthu ungayende bwanji ndi ndalama zosakwana kugula njinga yamoto. Akauntanti wathu walonjeza kuti Lachiwiri akhala nane pansi, bola ndibwere ndi mandasi ndi rula yotsatira mizere.